Mbande za paini zikugwa, kodi ndi mvula ya asidi?

Bambo wina wa ku Glen Norah mumzinda wa Harare wandilembera imelo, akuti anafesa paini m'machubu, zinamera bwinobwino koma pano zikuwola patsinde n'kugwa ngati zathiridwa madzi otentha. Dothi anatapa pafupi ndi dzala pomwe anthu amatayapo mabatire, madzi amatunga mu mtsinje wa Mukuvisi. Ndiye akufunsa, kodi si mvula ya asidi yochokera ku utsi wa mafakitale imeneyi?

Bambo, mvulayo musayambe nayo kaye. Chikugwetsa mbandezo ndi fangasi wa m'dothi, mitundu ngati Pythium ndi Fusarium, amakonda chinyontho ndi mbande zothinana. Koma funso lanu silopanda mutu ayi. Mvula wamba imakhala ndi pH ya 5.6 (pH ndi muyeso wa kuwawasa, nambala ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka), ikasakanikirana ndi utsi wa malasha imatsika mpaka 4 ndi kakuti, ndiye dothi likawawasa choncho aluminiyamu amasungunuka n'kuwotcha nsonga za mizu, nazo zitsulo zina ngati mtovu ndi kadimiyamu wa m'mabatire aja zimalowa mosavuta.

Apa ndiye pagona nkhani. Paini sakhala yekha, ali ndi fangasi wake wabwino amene amakuta timizu ngati sokosi, kumubweretsera madzi ndi fosifolasi komanso kutchingira matenda. Bowa woterera pamwamba amene amamera pansi pa paini wa mtundu wa Pinus patula ku Nyanga m'Zimbabwe kapena kwathu ku Chikangawa ndi yemweyo. Zitsulo zikachuluka mnzakeyu amafooka, mbande imatsala pamtetete. Ku Monchegorsk ku Russia, komwe amayenga nikelo ndi kopa, nkhalango yozungulira inauma makilomita ambiri, utsi wa salufa ndi zitsulo kuphatikizana. Chodabwitsa, kopa yemweyo ndi amene timapopera tomato kupha chiwawu, sasankha kuti uyu fangasi wabwino uyu woipa.

Zulani kambande kamodzi, mutsuke mizu muone. Ngati nsonga zake zili zonenepa, zamphanda ngati chilembo Y, zili bwino. Zikakhala zakuda zofewa, basi dothilo tayani, machubu mutsuke ndi Jik. Katapeni kadothi pang'ono pansi pa paini wamkulu wathanzi musakanize ndi mchenga wabwino, muzithirira madzi a pamjigo m'mawa mokha. Ndipo chonde musathiremo phulusa kapena laimu poti mwamva za asidi, paini amafuna dothi lowawasa pang'ono, pH ikadutsa 6 kuwola kuja ndiye kumanyanya.