Mwana akufuna kukaphunzira zoyendetsa masewera ndi zisangalalo, bambo ake akana

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera kalata. Mwana wake wamkazi wakhoza bwino MSCE, ndipo mtima wake uli pa maphunziro a kayendetsedwe ka masewera ndi zisangalalo, amene pa Chingerezi amati Sport and Entertainment Management. Kusekondale mtsikanayu anali kaputeni wa timu ya ntchemberembaye, ndiponso ndiye ankakonza variety show. Bambo ake akanitsitsa kwamtuwagalu, akuti sangatuluke thukuta kusaka fizi kuti mwana azikathamangitsana ndi mpira ndi oimba. Mayiwo akufunsa kuti: "Kodi amenewa ndi maphunziro enieni? Nanga akamaliza adzadya chiyani?"

Mayi, ndi maphunziro enieni ndithu, ndipo si osewera mpira kapena kuvina. Ndi maphunziro a bizinesi. Mwana akalowa m'kalasi amakumana ndi akaunti, kapangidwe ka bajeti, kutsatsa malonda, malamulo a makontrakiti, kasamalidwe ka mabwalo ndi maholo, ndi kaonetsetsedwe ka chitetezo pamene anthu asonkhana ambiri. Amene amathawa masamu akalowa kumeneko poganiza kuti akapuma, amabwerako akulira. Ku America anayamba kalekale: Ohio University inatsegula maphunziro a utsogoleri wa masewera mu 1966, ndipo University of South Carolina ili ndi dipatimenti yonse ya masewera ndi zisangalalo pamodzi. Amaziphatikiza chifukwa bwalo limene Loweruka muli mpira, Lamlungu mumakhala oimba. Matikiti ndi omwewo, mageti ndi omwewo, khamu la anthu ndi lomwelo.

Bambo akunyumbawo mwina amapita ku Kamuzu Stadium tsiku limene Maule akumana ndi Manoma. Iwo amaona osewera 22 ndi oimbira mmodzi. Koma kusanache pamakhala munthu amene wawerenga matikiti asanaperekedwe kwa ogulitsa, wagwirizana ndi apolisi kuti abwere angati ndipo aime pati, waonetsetsa kuti ambulansi yafika, wakhoma zikwangwani za makampani othandiza mpikisano pamalo amene kamera iziona. Mpira ukatha, anthu akamabalalika, iyeyo ndiye amakhala m'kachipinda kuwerengetsa ndalama za pageti, kufananitsa ndi matikiti otsala, kuchotsa zolipira, kenako kugawa kwa matimu, eni bwalo ndi mabungwe oyenera kulandira gawo lawo. Madandaulo amene timamva chaka ndi chaka akuti bwalo linadzaza koma ndalama zatuluka zochepa amachokera pomwepa. Ntchito imene mwana wanu akuifuna ndi imeneyi.

Pali tsiku limene ine sindiliiwala ndikamakamba nkhaniyi. Pa 6 July 2017, dziko likukondwerera zaka 53 za ufulu, anthu anakhamukira ku Bingu National Stadium ku Lilongwe kukaonera Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers. Bwaloli linali latsopano, lotsegulidwa chaka chomwecho, lolowa anthu oposa 40,000. Mageti anachedwa kutsegulidwa, anthu anaunjikana panja, ndipo atayamba kukankhana kuti alowe, anthu 8 anafa popondedwa, ambiri mwa iwo ana. Simenti ya bwalolo inalibe vuto. Funso lakuti geti itsegulidwe nthawi yanji, atsegule mageti angati, anthu afole bwanji, ana adutsire pati, ndi funso limene munthu amaliphunzira m'kalasi ndi kulilemba pamayeso. Ndiye munthu akandiuza kuti amenewa ndi maphunziro a masewera chabe, mtima umandiwawa.

Ndalama nazonso zimatayika chifukwa chosadziwa malamulo. FIFA ili ndi lamulo lakuti wosewera akagulidwa kuchoka ku timu ya dziko lina kupita ku ya dziko lina kontrakiti yake isanathe, 5 peresenti ya ndalamazo igawidwe kwa matimu amene anamulera kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23. Katimu kakumudzi kamene kanalembetsa ana ake bwinobwino ndi kusunga mapepala kakhoza kulandirapo kanthu. Kamene sikanasunge kanthu kamangoonerera. Kwa oimba nkhani ndi yomweyo: COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, imatolera ndalama m'malo mwa eni nyimbo, koma woimba wopanda womuyendetsera zinthu wodziwa za umwini wa nyimbo amasaina pepala lililonse limene amuikira patsogolo.

Tsopano funso lanu lachiwiri, limene ndi lolemera, ndipo sindikubisirani kanthu. Msika wa ntchito imeneyi kuno kwathu ndi waung'ono. Maofesi odziwika ndi owerengeka: FAM, SULOM (yoyendetsa ligi yaikulu ya mpira), Netball Association of Malawi, Malawi National Council of Sports, ndi matimu ochepa amene amalipira antchito mwezi ndi mwezi. Matimu odziwika angapo ali ndi eni ake a boma: Silver Strikers ndi ya Reserve Bank, Blue Eagles ndi ya apolisi, Kamuzu Barracks, Moyale ndi MAFCO ndi za asilikali, ndipo kawirikawiri oyendetsa matimu oterewa amachokera m'kati momwemo. N'zoona kuti malamulo a ziphaso za matimu tsopano amafuna kuti timu ikhale ndi ofesi, woyang'anira zachuma, wofalitsa nkhani ndi woona zachitetezo, ndipo zimenezi zikutsegula mipata. Komabe mipatayo siingakwanire kalasi yonse. Kuzisangalalo nako, Lake of Stars imene inayamba mu 2004, Sand Music Festival ya mu 2010 ndi Tumaini ya ku Dzaleka ya mu 2014 zimachitika kamodzi pachaka, masiku ochepa, mvula isanayambe. Munthu sangalipire lendi miyezi 12 ndi ntchito ya sabata imodzi.

Kumene kuli chakudya chatsikunditsiku ndi kwina. Makampani amene amaika ndalama mu mpira, monga Airtel ndi FDH Bank, ali ndi nthambi zotsatsa malonda zimene zimafuna munthu wodziwa ngati ndalama yoikidwa mu kapu yabweza phindu. Mahotela, malo a misonkhano a BICC, misonkhano ya mabungwe, maukwati, misonkhano ikuluikulu ya mipingo, zonsezi zimafuna munthu wodziwa kusunga nthawi, bajeti ndi anthu.

N'chifukwa chake malangizo anga ndi akuti digiri yoyamba ikhale yotakata. Atenge akaunti, zamalonda kapena kayendetsedwe ka bizinesi, monga amaphunzitsira ku MUBAS, kapena zokopa alendo ndi zamahotela ku Mzuni, kwinaku akudzipanikiza yekha kulowa m'zamasewera ali pasukulu pomwepo. Ku MUST ku Thyolo kuli digiri ya sayansi ya masewera, koma muwerenge bwino mndandanda wa maphunziro ake, chifukwa sayansi ya masewera imakhudza kwambiri thupi la wosewera ndi kaphunzitsidwe, pamene mwana wanu akufuna za ofesi ndi ndalama. Koleji iliyonse imene ingakukopeni ndi dzina lokoma la kosi, yambani mwafufuza ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'makoleji, ngati kosiyo ndi yovomerezeka. Digiri yotakatayi ili ndi ubwino wakuti mpira ukapanda kumulemba, banki kapena hotela imulemba, ndipo bambo ake sadzanena kuti fizi inapita m'madzi.

Za kunja, musafulumire kugulitsa munda. Fizi ya ku America ndi ya madola, ndipo mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kupeza. Phindu lalikulu la sukulu za kumeneko ndi loti zimatumiza ophunzira kukagwira ntchito yoyeserera ku matimu ndi mabwalo akuluakulu, koma zambiri zimene amaphunzira n'zogwirizana ndi msika wawo, wa ndalama za pa TV ndi masewera a m'makoleji, zimene kuno n'zochepa. Ku South Africa n'kufupi, ndipo University of Johannesburg imaphunzitsa kayendetsedwe ka masewera. Njira imene ine ndimaikonda ndi yopita kunja pa digiri yachiwiri, munthu atagwirapo kale ntchito. FIFA Master, mwachitsanzo, ndi ya chaka chimodzi, ndipo ophunzira amayenda ku Leicester, Milan ndi Neuchâtel kuphunzira mbiri, kayendetsedwe ndi malamulo a masewera. Salandira munthu wongochoka kusekondale. Mukumbukirenso kuti Fatma Samoura wa ku Senegal, amene anakhala mlembi wamkulu wa FIFA kuyambira 2016 mpaka 2023, anafika pampandowo kuchokera ku United Nations, osati kuchokera m'bwalo.

Iwe mwanawe, ndilankhule nawe pang'ono, chifukwa ndikudziwa kuti uwerenga limodzi ndi amayi. Ntchitoyi ilibe Loweruka, ilibe Khirisimasi. Anzako akamavina kutsogolo, iwe udzakhala kuseri kwa siteji, foni ili kukhutu, magetsi athima, ukufunsa ngati mu jenereta muli dizilo wokwanira, woimba akukana kukwera asanalandire ndalama yake yotsala, mwini zokuzira mawu akuti galimoto yake yafera panjira. Zikayenda bwino, m'manja amaombera woimba. Zikavuta, dzina limene limatchulidwa ndi lako. Ngati ukuwerenga izi mtima n'kumakugunda ndi chidwi, ndiye kuti ntchitoyi ndi yako. Usadikire digiri kuti uyambe. Pita ku ofesi ya zamasewera ya m'boma lanu, kapena ku timu ya m'dera lanu, ukadzipereke kulemba mayina a osewera ndi kusunga kaundula wa ndalama. Phunzira Excel mpaka izolowere zala zako. Ndipo poti ndiwe mtsikana wolowa m'ntchito yodzaza ndi abambo ndiponso yausiku, munthu aliyense wokulonjeza mwayi akakumane nawe ku ofesi, masana, amayi akudziwa kumene uli.

Mayi, bambowo musalimbane nawo ndi mawu. Muuzeni mwanayo atenge pepala limodzi, alembe bajeti ya mpikisano wa ntchemberembaye wa matimu 8 a m'dera lanu: bwalo, oimbira, mipira, madzi, mayendedwe, chithandizo choyamba, mphoto, ndi kumene kwacha iliyonse ichokere. Mitengo akaifunse yekha kwa eni ake, asaipeke. Akatero akawapatse bambo ake madzulo atatha kudya, awapemphe kuti apeze pamene palakwika.