Lachisanu Loyera kapena Lachisanu Labwino?

Funso: Mwana wanga anandifunsa kuti bwanji Angerezi amati Good Friday pomwe ife timati Lachisanu Loyera. Pa wailesi ndamvanso wina akuti "Lachisanu Labwino". Akulondola ndani? Ndine mayi wa ku Ntcheu.

Yankho: Mayi, mwafunsa funso londikomera, ndipo musakayike: ndi Lachisanu Loyera. Uyo wa pa wailesiyo anangotola mawu a Chingerezi n'kuwaveka malaya a Chichewa. Komanso sanadziwe kuti good wa m'dzinali ndi wa Chingerezi chakale, pomwe mawuwa ankatanthauzanso chinthu chopatulika. Mchewa akamati tsiku labwino amaganiza za ukwati kapena mvula yoyamba. Tsiku limene Ambuye anakhomedwa pa mtanda, limene kwa Akatolika kulibe Misa, belu salira ndipo guwa limakhala lopanda nsalu, simungalitche labwino anthu osakuyang'anani.

Inu a ku Ntcheu nkhaniyi ndi yanu. Ansembe achikatolika a Montfort anafika ku Nzama, kwanu ku Ntcheu komweko, mu 1901, ndipo a White Fathers anakhazikika ku Mua mu 1902. Ambiri mwa iwo ankayankhula Chifalansa, ndipo pa Chifalansa tsikuli ndi Vendredi saint, kutanthauza Lachisanu lopatulika. Ine sindikayika kuti dzina lathuli linadzera njira imeneyo, osadutsa ku Chingerezi. N'chifukwa chake limayenda bwino ndi anzake: Lachinayi Loyera ndi Loweruka Loyera.

Mawu oti kuyera ndi olemera. Ufa umayera, mbale yotsuka imayera, kunja kukacha timati kwayera, munthu wopanda chinyengo ndi woyera mtima. Amishoni anawasenzetsa katundu wina, wa chiyero cha Mulungu, ndipo anausenza: Mzimu Woyera amanenedwa m'mipingo yonse. Pano kuyera si mtundu ayi. Pa Lachisanu Loyera wansembe amavala zofiira, kukumbukira magazi a Khristu. Palinso mawu ena, kupatulika, ochokera ku kupatula, monga mmene mayi amapatulira mbewu kuti ana asaikazinge. Baibulo la mu 1922 analitcha Buku Lopatulika, la mu 1998 n'kulitcha Buku Loyera. Ndili mwana, agogo anga a CCAP ankati kupatulika ndiko Chichewa chenicheni, ndipo mtima wanga umapendekerabe komweko, chifukwa kumanena bwino kuti chinthu chaikidwa padera. Munthu atati Lachisanu Lopatulika sindingamudzudzule. Koma dzina lozolowereka ndi Loyera, ndipo pakamwa pa anthu sitilimbana napo.

Chimene sindichilola ndi "Lachisanu Woyera" kapena "Yoyera", zomwe ndimaziona pa Facebook Pasaka aliyense. Kuseri kwa dzinali kwabisala mawu oti tsiku: tsiku lachisanu, tsiku loyera. Ndiye chifukwa chake timatinso Lachitatu la Phulusa poyamba Lenti ndi Lamulungu la Kanjedza, osati "wa Phulusa" kapena "wa Kanjedza".

Ndipo mwanayo mumuuzenso kuti mwambo umene Akhristu amayenda atanyamula mtanda mumsewu pa Lachisanu Loyera, akuima malo 14, uli ndi dzina lake. Achinyamata a kwaya ayamba kunena kuti akupita ku Way of the Cross, ndipo zimandiwawa, poti Njira ya Mtanda ndi mawu amene ngakhale mwana wa sitandade 1 amawamva.