Galu wanu asamwe madzi mu Bua

Bambo ena amene angosamukira kumene ku Nkhotakota andilembera pa imelo. Ali ndi agalu awiri, ndipo akufuna kumayenda nawo m'mbali mwa mtsinje wa Bua Loweruka lililonse, n'kukathera ku jeti ya pa boma. Akufunsa ngati angawamasule kuti azithamanga ndi kusambira.

Ayi bambo, musawamasule. Mu Bua muli ng'ona, ndipo mawu anu oti "Loweruka lililonse" ndi amene andidetsa nkhawa kwambiri. Ng'ona siithamangitsa nyama kumtunda. Imabisala m'bango, mphuno ndi maso okha zili pamwamba, n'kumaphunzira dooko limene nyama imamwera ndi nthawi yake. Galu amachita zonse zoiitana: amauwa, amavundula madzi, kenako amaweramitsa mutu n'kumamwa osayang'ana. Mukamutengera pamalo amodzimodzi sabata ndi sabata, ndiye kuti mwaiuza ng'onayo tsiku lobwera.

Choopsa kuposa apo ndi mwini galu. Galu akagwidwa, mtima umati lowa um'landitse. Musalowe. N'chifukwa chake chingwe chimagwiridwa m'manja, osachikulunga padzanja kapena kuchimanga m'chiuno, kuti zikavuta muchitaye. Ndikudziwa kuti mawuwa ndi owawa kwa munthu wokonda agalu ake, koma sindingawafewetse. Yendani mamita osachepera 5 kuchoka pamadzi, chingwe chikhale cha mamita 2, ndipo ngati njira yapanikizika pakati pa bango ndi madzi, bwererani.

Palinso mvuu. Njira yake siisowa: yotakata, yopondedwa mbali ziwiri, pakati pali kamzere ka udzu, ndowe zitamwazikira pa tchire. Mvuu imadya usiku n'kubwerera m'madzi m'bandakucha, ndipo galu wouwa ataima pakati pa iyo ndi mtsinje ndi tsoka kwa nonse. Choncho musalawire kuli mdima pothawa dzuwa. Nyamukani kutayera bwinobwino, cha m'ma 6:30, ndipo pofika 9 koloko mukhale mutabwerera. Mu Okutobala ndi Novembala mchenga umawotcha msanga. Ikani kuseri kwa dzanja pansi masekondi 5. Mukalephera kupirira, zikhatho za galu zituluka matuza.

Musalowerenso kumtunda kwa mtsinje. Bua amadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Si malo olowamo ndi galu. Ngakhale kunja kwa mpanda kumapezeka kashembe, ndipo matenda ake amagwira agalu moipa: thupi limatentha, amaonda, maso amachita mtambo wotuwa. Mukaona zimenezi pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, thamangirani kwa alangizi a ziweto. Osamupatsa panado kapena bulufeni. Mankhwala a anthuwa amawononga chiwindi ndi impso za galu.

Ku jeti

Kuno vuto ndi mbedza. Ana owedza amasiya mbedza zili ndi nyambo, galu n'kumeza zonse. Mukaona ulusi ukulendewera pakamwa, musakoke, mung'amba kum'mero. Udulireni patali pang'ono, mangirirani nsongayo ku kolala kuti isamezedwe, ndipo pitani naye kwa dokotala wa ziweto. Mbedza ikalowa pachikhatho siituluka chobwerera chifukwa cha kandevu kake. Imakankhidwa mpaka nsonga itulukire kwina, n'kuidula ndi pulayala. Nthawi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mafunde amanyowetsa jeti n'kumaterera, ndiye musafike naye kumapeto.

Ndipo kunyanja si kwa inu nokha. Pali amayi ochapa, pali usipa woyanikidwa pa thandala umene ndi ndalama za munthu, komanso Nkhotakota kuli Asilamu ambiri amene galu akawanyambita ayenera kukadziyeretsa asanapemphere. Fupikitsani chingwe, patukani ndinu, ndipo tolani ndowe zake m'jumbo.

Zonyamula n'zochepa: lita imodzi ya madzi pa galu aliyense, kambale komwera, jumbo, ndi khadi la katemera wa chiwewe wa chaka chino. Mukafika kunyumba mupapaseni thupi lonse, makamaka m'makutu ndi pakati pa zala, kufuna nkhupakupa. Pakapita masiku angapo yang'anani kumimba: kachotupa kokhala ndi kabowo pakati ndi mphutsi ya mumchenga. Pakanipo Vaseline kuti isowe mpweya, dikirani iyambe kusuzumira, kenako finyani pang'onopang'ono ituluke yathunthu.