Funsani za Kompyuta: Kodi ndikuphunziradi kapena ndikungoloweza?

FUNSO: Zikomo akulu. Ndinalemba mayeso a Folomu 4 chaka chatha, pano ndikuphunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, pa laputopu ya achimwene anga. Buku lomwe ndikuwerenga likungotchula abstraction paliponse koma sindikumvetsa. Chinanso, ndikalemba print, lamulo louza kompyuta kuti ionetse mawu, mawuwo amatuluka ndithu, koma chomwe chachitika mkatimo sindichidziwa. Kodi pamenepa ndikuphunzira kapena ndikungoloweza? Ndine mtsikana wa ku Chinamwali, Zomba.

YANKHO: Chemwali, mtima m'malo, mukuphunziradi. Ndipo chomwe chikukusowetsani mtenderecho ndiye abstraction imene bukulo likunena. Ndi kusonkhanitsa ntchito yambirimbiri n'kuibisa kuseri kwa dzina limodzi, kuti woigwiritsa ntchito angodziwa chomwe apereke ndi chomwe alandire.

Madzi a m'mipopi ya mumzinda wathu uno amachokera kudamu la Mulunguzi, paphiri paja. Amasefedwa, amathiridwa mankhwala, amayenda m'mapaipi mtunda wautali. Koma inu m'mawa mumangotsegula mpopi, ndowa n'kudzadza. Ndani angati simudziwa kutunga madzi chifukwa simunakwere phiri? Print ndi mpopi wanu.

Kuseri kwake kuli zambiri. Kompyuta sidziwa chilembo ngakhale chimodzi, imangodziwa 0 ndi 1. Chilembo chachikulu A imachisunga ngati nambala 65, yomwe kwa iyo ndi 01000001. Anthu oyambirira ankalemba malangizo m'manambala oterewa, ndipo kuphonya kamodzi kokha ntchito yonse inkasokonekera. Mu 1957 gulu la John Backus ku kampani ya makompyuta ya IBM linatulutsa chilankhulo cha Fortran, kuti munthu azilemba masamu mwanjira yowerengeka, makina n'kumamasulira okha. Python wanuyo anamutulutsa Guido van Rossum mu 1991, ndipo Python yemwe ambiri timagwiritsa ntchito analembedwa m'chilankhulo china chotchedwa C. Aliyense anamanga pamwamba pa za mnzake. Ine zimenezi zimandisangalatsa kwambiri, chifukwa n'zomwe zapangitsa kuti mtsikana wa ku Chinamwali ayambe kulemba pulogalamu tsiku loyamba lomwelo.

Koma abstraction simuimvetsa bwino pongowerenga, muimvetsa mukapanga yanu. Tiyerekeze kuti amayi anu ali mu banki mkhonde ya anthu 25, ndipo wobwereka amabweza ndi chiwongoladzanja cha 20 peresenti. Mutha kulemba masamu amenewo pa dzina la munthu aliyense, ka 25. Nanga gulu likadzagwirizana zotsitsa kufika pa 15 peresenti? Mudzasakasaka mizere yonse ija, ndipo umodzi mudzauiwala basi, mayi wina n'kulipira zambiri. M'malo mwake lembani function imodzi, kutanthauza kagulu ka malangizo kokhala ndi dzina lake, muitche werengera_ngongole. Pa 20 peresenti paja, mukaipatsa K50,000 izikubwezerani K60,000. Kwina konse mu pulogalamuyo muzingoitchula dzina. Tsiku losintha chiwongoladzanja mudzakonza malo amodzi, ndipo mnzanu wogwiritsa ntchito function yanuyo sadzafunikanso kuona mkati mwake.

Pa dzinali ndimalimbikira kwambiri ndikamathandiza achinyamata. Function yotchedwa werengera_ngongole izingowerengera ngongole. Ikayamba kufufutanso mayina a omwe amaliza kubweza, dzinalo lasanduka bodza, ndipo wokhulupirira dzinalo adzagwa m'mavuto osadziwa kuti alowera pati.

Tsono ndisakunamizeni kuti zamkatizo simudzazifuna mpaka kalekale. Nthawi zina zobisika zija zimasuzumira kunja. Madzulo ano lembani 0.1 + 0.2 mu Python. Mukuyembekezera 0.3, koma muona 0.30000000000000004. Laputopu ya achimwene anu sinawonongeke ayi. Nambala ngati 0.1 siikwana ndendende mu 0 ndi 1, choncho kompyuta imasunga yoyandikira kwambiri, ndipo katsalidwe kakang'onoko kamadzaonekera pophatikiza. Apa mpamene muyenera kutsegula n'kuona mkati, chifukwa vuto lakuitanani lokha. Musadzikakamize kudziwa zonse za pansi musanayambe, mungafooke pachabe.

Ndiye pulogalamu ya amayiyo muilembe mukuwerengera ndalama m'matambala, manambala athunthu opanda kadontho, K1 ikhale 100. Muzisandutsa makwacha pokhapokha poonetsa yankho. Mukakakamira penapake, tilembereninso ndipo mutumize mizere yomwe yakuvutaniyo.