Nsawawa zong'amba zikakana kupsa mu supu wa ham

Asisi, mwati munaphika supu wa nsawawa zong'amba ndi ham, nyama ya nkhumba yamchere ija, kwa maola atatu koma nsawawa zinatsala gwa, mchere nawo unachita kuwawa. Ndikukayikira tomato. Ife tinazolowera kuti ndiwo iliyonse imayamba ndi tomato, koma chowawasa chilichonse, kaya tomato, mandimu kapena viniga, chimalimbitsa nsawawa. Mukathira koyambirira, mumaliza makala onse zisanafewe. Supu ameneyu safuna tomato n'komwe.

Kwa anzathu a kuno ku Kasungu amene mwina mwasokonezeka, sitikunena nsawa zosinjira ayi. Izi ndi nsawawa zouma zochotsa khungu n'kung'amba pakati, zobiriwira kapena zachikasu. Zikapsa zimaphwanyika zokha ngati chipere cha nandolo.

Ngati tomato simunathire, onani madzi. Madzi a pa mijigo ina ndi olemera, mudzawadziwa chifukwa sopo amavuta kuchita thovu, ndipo nyemba zilizonse zimachedwa kupsa m'madzi otere. Thirani soda kotala la supuni yaing'ono, osapitirira apo, chifukwa akachuluka supu amamveka ngati sopo. Nsawawa zokhalitsa m'sitolo nazo zimavuta, zimenezo zinyikeni usiku wonse.

Za mcherezo, ham ndi nyama ya nkhumba yosungidwa ndi mchere, nthawi zambiri yofutsanso pa utsi, ndiye mchere wake umasungunukira mu supu. Inu musathire wanu mpaka kumapeto mutalawa. Ham akakhala wamchere kwambiri, muwiritseni payekha mphindi 10, madziwo mutaye. Komanso sankhani wa fupa. Woduladula mopyapyala uja woika pa buledi alibe kukoma kokwanira poto yense, ndalama zimangopita. Fupa ndi khungu ndi zimene zimapatsa supu mphamvu. Ham wotere amapezeka m'masitolo akuluakulu ku Lilongwe, koma akasowa gulani mwendo wa nkhumba pamsika, muupake mchere, muufutse pa moto wa nkhuni mpaka ununkhire utsi.

Pa banja la anthu 6 tengani nsawawa magalamu 500, nyama ya fupa pafupifupi magalamu 700, madzi malita awiri, anyezi wamkulu mmodzi, karoti ziwiri ndi adyo pang'ono. Nsawawa zisankheni pa lichero kuchotsa timiyala, muzitsuke mpaka madzi asiye kuchita mbuu. Kazingani anyezi ndi karoti m'masupuni awiri a mafuta mpaka zifewe, zisapserere, adyo alowe pomaliza. Kenako ikani nyama, nsawawa ndi madzi. Zikawira pamwamba pamabwera thovu loyera, liwauleni ndi chipande, mukapanda kutero limasefukira pa mbaula.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Phulani makala ena, moto utsale wochepa woti supu azingoti bwatabwata pang'onopang'ono, chivindikiro chikhale chopendeka. Ola limodzi ndi theka kapena maola awiri akwana. Ola loyamba simuvutika, koma nsawawa zikayamba kuphwanyika zimakhazikika pansi n'kumata, ndiye takasani mphindi 10 zilizonse, mthiko uzifika pansi penipeni. Mukamva fungo lopserera musapale pansipo! Khuthulirani supu mu poto wina, zomatazo zitsale. Poto wopyapyala ndi amene amapsereza msanga.

Nyama ikayamba kusiyana ndi fupa itulutseni, muinyenyenyenye, muibwezere mu supu, fupalo mutaye. Tsopano lawani, muthire tsabola wakuda ndi mchere ngati ukuperewera. Ofuna kowawasira afinyire ndimu m'mbale mwawo.

Supuyu akazizira amalimba ngati phala la dzulo, musadabwe, potenthetsa onjezerani madzi otentha mukutakasa. Mu fuliji amakhala masiku atatu, koma kunja, ndi kutentha kwa Okutobala kuno, asagone. Mukaona tithovu kapena akununkha mosasa, tayani.