Funsani Malume: Magazini a makadi ndawapeza m'garaja ya abwana, ndi zaufiti kodi?

Malume, ine ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Joni, ndimagwira ntchito ya m'galadeni kwa mzungu wina wachikulire. Mwezi wathawu anandiuza ndikonze m'garaja ndiye mukatoni ina ndinapezamo magazini akale ambirimbiri, ena alembedwa The Linking Ring ena Abracadabra, mapepala ake ofiira kale ndi ukalamba, mkatimo muli zithunzi za manja atagwira makadi. Abwana anati anali a malemu achimwene awo ndingotenga ngati ndikufuna. Koma mayi akunyumba akaniratu ati zimenezo zisalowe m'nyumba muno ndi mabuku aufiti, panopa ndasungitsa kwa mnzanga. Kodi ndi zamankhwaladi? Komanso ndikaphunzira ndingathe kuwadya anyamata a makadi atatu aja a mutauni? Anandidyapo R300 ine.
Wodabwa, Rosettenville

Mphwanga, kaye kaye katengeni katoniyo kwa mnzanuyo asanayatsire mbaula, chifukwa mwatola chinthu chabwino inu. The Linking Ring ndi magazini ya bungwe la anthu ochita masewero odabwitsa lotchedwa International Brotherhood of Magicians, inayamba 1922 ndipo mpaka lero ikutulukabe. Abracadabra inali ya ku England, inayamba 1946, inkatuluka sabata iliyonse mpaka 2009. Analiponso ena ngati The Sphinx yomwe inatuluka kuyambira 1902 mpaka 1953, ndi The Jinx ya Theodore Annemann. Mmenemo anthu ankangouzana kuti ine ndapeza njira iyi, gwirani khadi chonchi, chala ichi chibisale apa, basi.

Auzeni alamu anga kuti mtima pansi, mulibe chizimba mmenemo. Mfiti inayamba yalembapo njira zake papepala, ndi zithunzi zomwe, nkumagulitsa kwa aliyense wolipira? Zamakadizi ndi zinthu ziwiri, dzanja lozolowera ndi masamu, ndipo zamasamuzo ndi zomwe ine ndimazikonda chifukwa ngakhale munthu wa zala zouma ndi fosholo amakwanitsa tsiku lomwelo.

Yesani iyi madzulo ano alamuwo akuona. Tengani paketi yonse ya makadi 52, chotsani majoka, muwasanje mobisa kuti lofiira, lakuda, lofiira, lakuda mpaka onse athe. Kenako gawani pawiri, koma apa ndiye pali nkhani yonse, onetsetsani kuti khadi lapansi la mulu wina ndi lofiira ndipo la mulu winawo ndi lakuda. Apatseni iwowo asakanize okha kamodzi, kusakaniza kuja kolowetsa milu iwiri m'kati mwa unzake kuti prrr, osati kuja koponya makadi patebulo nkumavundula. Akamaliza tengani paketi, ikani kumbuyo, muzitulutsa awiriawiri kuchokera pamwamba. Awiri aliwonse mupeza lina lofiira lina lakuda, mpaka paketi kutha. Adzati mukumva mtundu ndi zala. Chifukwa chake nchakuti khadi lililonse likagwa, makadi apansi pa milu iwiri ija amakhala ofanana mtundu ndipo mtundu wake ndi wosiyana ndi lagwa lija, ndiye kaya lotsatira lichokere kumanja kaya kumanzere ndi chimodzimodzi. Anatulukira zimenezi ndi Norman Gilbreath, munthu wamasamu wa ku America, ndipo anazilemba mu The Linking Ring yomweyo chaka cha 1958, kotero fufuzani bwino zaka za magazini anuwo mwina muli nayo. Mukatha muwaonetse alamuwo mmene mwachitira, achite okha, muone ngati adzanenenso za ufiti.

Ija ya makadi 21 mwina munaionapo kusukulu, milu itatu ya makadi 7, munthu aloze mulu womwe muli khadi lake, mulu umenewo muuike pakati pa iwiri inayo nkuwagawanso limodzilimodzi m'milu itatu, akaloza katatu konse nkuuikanso pakati, khadi lake limakakhala la nambala 11. Ndi masamunso amenewo.

Chovuta chake Chingerezi cha m'magazini amenewa nchawo okha, alemba ngati owerenga akudziwa kale, mupeza mawu ngati double lift omwe akutanthauza kunyamula makadi awiri ngati limodzi, kapena force, kumupangitsa munthu kutenga khadi lomwe inu mukufuna iye nkumaganiza kuti wasankha yekha. Musawerenge muli chigonere ayi, khalani patebulo makadi ali m'manja, mzere umodzi muchite, wina muchite, ndipo zina zidzakutengerani miyezi muli pagalasi. Kuno ku South Africa kulinso mpaka sukulu yake, College of Magic ku Cape Town, inatsegulidwa 1980 ndipo ana amaphunzira poyera.

Tsopano za R300 yanuyo, pepani, imeneyo inapita ndipo musakaitsatire. Anyamata a makadi atatu aja si masewero ngati a m'magaziniwa. Wogwira makadiyo amanyamula awiri dzanja limodzi nkuponya lapamwamba inu mukuyesa waponya lapansi, imeneyo ndi njira yakale kwambiri ndipo mutha kuiphunzira, koma kuidziwa sikukuthandizani kanthu chifukwa anthu mumawaona akuwina aja, mayi uja wovala bwino ndi bambo uja wokuwa kwambiri, ndi gulu limodzi lomwelo. Mukaloza khadi lolondola wina amaponya ndalama zambiri kuposa zanu kuti zanuzo zisawerengedwe, apo ayi wina akuwa kuti apolisi, katoni pansi, onse balala, ndipo pokankhana pamenepo mpamene foni imachoka m'thumba. Pepala lililonse la m'katoni yanuyo muliike mupulasitiki, ndipo asakhale pansi pasimenti, mvula ya mu December ya kuno mukuidziwa.