Mukafuna kupita ku Likoma ndi ana

Mayi wina wa ku Johannesburg wanditumizira imelo. Akuti agogo awo aamuna anabadwira ku Likoma koma iwo sanapondeko, ndiye akufuna kupitako ndi ana awo awiri mu July. Akufunsa ngati masiku atatu angakwane, komanso ngati akwere ndege kapena sitima.

Amayi, masiku atatu achepa kwambiri. Konzani sabata yathunthu, ndipo mukwere sitima. Bwalo la ndege lilipo, koma ana anuwo akafike monga amafikira eni chilumba. Sitima ya Ilala yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951. Imanyamuka ku Monkey Bay kukafika ku Chilumba, ndipo pa Likoma imaima popita ndi pobwera. Inu mukakwerere pa Nkhata Bay kuti ulendo ufupike. Tsiku la sitima chilumba chonse chimakhamukira kudoko: matumba a chimanga ndi simenti akutsika, matumba a usipa wouma akukwera, wina akuitana mbale wake ali patali. Nthaka ya ku Likoma ndi yamiyala ndi mchenga, chimanga sichichita bwino, choncho zambiri zimene anthu amadya ndi kumangira zimabwera pamadzi. Sitima ikachedwa, musakwiye. Pa tsiku lobwerera musiye mpata wa tsiku limodzi kapena awiri.

Za July ndiye ndikudandaula nazo. Imeneyo ndi nyengo ya mwera, mphepo yochokera kummwera imene imavundula nyanja. Mwana amene sanakwerepo sitima akhoza kusanza ulendo wonse, n'kudana nayo nyanja asanaidziwe. Ngati n'kotheka sunthirani ulendowu ku September kapena October, madzi akakhala bata. December nayenso ndi wabwino, mango ali mbwee, kungoti mvula imakhala itayamba.

Mukafika, yambirani ku tchalitchi cha St Peter's. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA (Universities' Mission to Central Africa) anakhazikika pachilumbachi cha m'ma 1885, ndipo ntchito yomanga tchalitchichi inayamba mu 1903. Malowo amatchedwa Chipyela, poti kale ankaotcherapo anthu owaganizira ufiti. Chauncy Maples, mmodzi wa oyambitsa mishoniyi, anamira m'nyanja yomweyi mu 1895 atangodzozedwa ubishopu. Kukula kwa nyumbayi kumadabwitsa munthu ukaganiza kuti chilumba chake mungachidutse wapansi pa maola ochepa. Koma musakangojambula zithunzi. Pitani Lamulungu, mukhale pansi mpaka mapemphero athe ngakhale atalike, mumve makwaya. Mukatuluka pezani abambo ansembe, muwauze dzina la agogo anu ndi mudzi wawo, mufunse ngati mabuku akale a ubatizo angakuthandizeni. Boma lonse la Likoma, kuphatikizapo chilumba cha Chizumulu, lili ndi anthu osafika 15,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndiye anthu amadziwana. Ine sindikukaika kuti gogo wina adzagwira mwana wanu pachibwano n'kunena kuti mphuno iyi ndi ya kwa auje.

Popita kwa abalewo musapite chimanjamanja. Shuga, sopo, mchere ndi chitenje cha agogo aakazi n'zokwanira. Anawo muwaphunzitsiretu kupereka moni ndi manja awiri. Chinyanja cha kumeneko chimasiyanako ndi Chichewa cha ku Lilongwe, koma mudzamvana.

Adzakupatsani kondowole, nsima ya ufa wa chinangwa, yomata m'manja, ndiwo zake usipa kapena utaka. Anawo tsiku loyamba adzakwinya nkhope, asiyeni, njala ya kunyanja idzawaphunzitsa. Usiku atulutseni panja aone nyali za asodzi zitandanda panyanja ngati mudzi woyandama, ndipo m'mawa mulawirire kugombe muone mabwato akukocheza, amayi akuyanika usipa pa thandala. Mukamva ng'oma ya malipenga, tsatirani. Abambo ovala zoyera, akuguba mwaulemu ngati asilikali, akuliza malipenga a zikho, ndi chinthu chimene mwana wokulira ku Johannesburg sadzaiwala.

Tengani ndalama za m'manja zokwanira, neti ya udzudzu ndi mankhwala oteteza malungo. Musanasambe m'nyanja funsani eni malo, ndipo mukabwerera kwanu mukayezetse likodzo nonse atatu.

Mapiri amene mudzawaone kummawa ndi a ku Mozambique. Likoma ndi ya Malawi koma yazingidwa ndi madzi a Mozambique, ndipo Cobué ali tsidya lomwelo, ulendo waufupi wa paboti. Mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri, choncho ziphaso zanu zoyendera zikhale pafupi. Mwina akakuuzani kuti mchemwali wa agogo anu anakwatiwa kutsidyako, ndipo ana ake akadali moyo.